Kudimba kwa Aphunzitsi

Ankasenda nandolo ndi makolo ake pakhonde madzulo pamene Esnat anati, "Sukulu atseka. Aphunzitsi ali pa sitalaka."

"Nanga mayeso ako a sitandade eyiti?" anafunsa bambo ake, a Lackson.

"Kaya. Koma aphunzitsi athu a Shabani akuti mawa tikawapeze kudimba kwawo."

Mayi ake anasiya kusenda. "Kudimba? Kuphunzitsa akana, ndiye ana athu akawalimire?"

A Lackson anapitiriza kusenda uku akuganiza. A Shabani ndi amene anaphunzitsa Esnat kuwerenga. Koma mwana wamkazi, kudimba, sukulu yotseka? Akamuletsa, mwina amutayitsa mayeso. Akamulola, sankadziwa kuti akulola chiyani.

M'mawa anamutsatira chapatali, khasu lili paphewa ngati akupita kwina.

Anapeza ana atakhala pansi pa nthochi, a Shabani akulemba masamu ndi khala pachitseko chakale. Kumbuyo kwawo mpiru unali utafota, chitini chothirira chili pambali.

"Kusukulu anzanga sangandilole kuphunzitsa," anatero a Shabani. "Mwabwera kudzatenga mwana, bambo?"

A Lackson anayang'ana Esnat, kenako mpiru uja.

"Ayi, aphunzitsi. Chitsime chanu chili mbali iti?"