Dzina Limene Analembetsa

Mayi Bodil Krogh anaimika njinga yawo pakhomo la nyumba imene iwo omwe anasainira kalata yoti itsekedwe. Umo ndimo anthu ankadzibayira mankhwala osokoneza bongo, anamwino akuwayang'anira. Khonsolo inamvako pang'ono: nyumbayo inaleka kutsegulidwa Lamlungu.

Mwana wawo anakamutola Lamlungu, m'chimbudzi cha kusiteshoni, atazizira kale.

"Troels Krogh," anatero kwa namwino, akumupatsa chithunzi. "Ankabwera kuno?"

"Kuno sitifunsa mayina enieni, mayi. Aliyense amalembetsa limene wakonda." Namwinoyo anayang'anitsitsa chithunzicho. "Takhalani kaye pansi."

"Sindikhala! Inu mukumupatsa majekeseni, ine ndikutha nsapato kumufunafuna m'misewu!"

"Tinkamupatsadi. Tinamudzutsanso kanayi atasiya kupuma, pampando uwo."

Bambo wina wopanda mano akutsogolo anasuzumira chithunzicho, khofi ali m'manja.

"Aa, si Mpheta uyu! Wotimalizira shuga uja. Wasowatu sabata yonse. Mukamuuze kuti mpando wake wayamba kuzizira."

Mayi Krogh anagwira khoma. Mpheta. Dzinalo anamupatsa okha ali ndi zaka zitatu, chifukwa buledi ankangomujompha, osamaliza. Anasiya kumuitana choncho tsiku limene anasintha loko wa kunyumba.

Anakhala pansi osauzidwanso.

"Nanga Lamlungu," anafunsa ndi mawu otsika, "inu mumapita kuti?"

Namwino anayang'ana kumbali. Bambo uja anapsontha khofi wake.

"Kusiteshoni, mayi. Kwinanso n'kuti?"