Lusaka Pamzere Woyamba

"Pamzere woyambawu walemba Lusaka?" anafunsa a tcheyamani a chipani ku Dzoole, atagwira fomu ya Lenia yopemphera malo ku yunivesite.

"Inde, bambo. Maphunziro a akaunti kumeneko ndi abwino. Blantyre ndalemba pamzere wachiwiri."

"Dziko lako waliika pambuyo? Ku Lusakako kuli zigawenga zothawa kuno. Ukudziwako ndani?"

A Yoswa, bambo ake a Lenia, anagwada. "Ndi mwana, bwana. Afufute."

"Inki sifufutika." A tcheyamani anapinda fomuyo osasaina, n'kuiika m'thumba. "Koma poti amakonda masamu, tisamutaye."

Tsopano Lachiwiri lililonse Lenia amakhala pachipata cha msika, kuwerenga makadi a chipani amene agulidwa. Sanaphonyepo n'kamodzi komwe.