Mkanda wa Mkazi Winayo

Mmisiri wa magalasi anali akupukuta ndolo pakauntala pamene mayi wina analowa osaodira n'komwe. Anali atatchena, chikwama chili m'khwapa, koma nkhope inali ya munthu wobwera ndi mlandu. Anavula mkanda m'khosi n'kuuika pamaso pa mmisiriyo.

"Munapanga ndinu uwu?"

Mmisiri anauzindikira nthawi yomweyo: kagalasi kooneka ngati dontho la madzi, kolendewera pa tcheni chopyapyala. Anakumbukiranso wogula wake, bambo wamtali, wamanyazi, amene Lolemba anatha ola lathunthu akusankha ngati akusankha mkazi.

"Amuna anga andipatsa dzulo, tsiku lokumbukira ukwati wathu," anatero mayiyo. "Wobiriwira, mukuuona nokha. Koma Lachiwiri m'mawa, ndikufuna kuchapa jekete lawo, ndinapeza wina m'thumba. Nditauunika pawindo, unali wofiirira. Ndiye mundiuze, bambo, wofiirirawo anagulira ndani? Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndili pabanja, koma katundu wanga ndamanga kale."

Wina akanachita mantha. Mmisiriyu mtima unangoti myaa. Panalibe chinthu chimene ankachikonda kuposa kufotokoza. Mkazi wake ankanena kuti ngakhale munthu wofunsa njira amatuluka m'shopumo akudziwa kayatsidwe ka ng'anjo.

Mmisiri anayala kansalu kakuda, n'kugonekapo mkanda uja. Unawala mobiriwira ngati tsamba lanthete. Kenako anaunyamula ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono ngati wamatsenga, n'kuuloza kuwindo. Kubiriwira konse kunathawa, kagalasi kanafiira ngati m'kati mwa gwafa.

"Mwaona, mayi? Ili si galasi wamba. Pamwamba pake anakutirapo timiyalo topyapyala kuposa tsitsi lanu. Kuwala kukafika, kwina kumabwerera kwa inu, kwina kumadutsa. Kobwererako n'kobiriwira, kodutsako n'kofiirira. Lachiwiri munauunika pawindo, dzulo munauona uli m'kabokosi kakuda. Mkanda ndi umodzi. Ngati pali mkazi wachiwiri pankhaniyi, ndi dzuwa."

Anaseka yekha nthabwala yakeyo. M'mutu mwake anali atayamba kale kukonza mmene adzasimbire anzake kuti iye, ndi kagalasi kochepa ngati chikhadabo, anapulumutsa banja la zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anawonjezeranso za mapiko a gulugufe ndi thovu la sopo, zimene palibe anamufunsa.

Mayiyo anamvetsera zonse, manja atapinda.

"Mwamaliza?"

Anatsegula chikwama, natulutsa kampango komangidwa mfundo ziwiri. Anamasula modekha. M'katimo munali mkanda wina.

"Umodzi, eti? Uwu ndinausunga tsiku lomwelo kuti ukhale umboni. Sindinaumasulenso, chifukwa ndikangouganiza mtima umawira."

Mmisiri anatenga mkanda wachiwiriwo. Anaika iwiriyo pakansalu kakuda, yonse inabiriwira. Anaikweza kuwindo, yonse inafiira. Anali mapasa enieni, odulidwa pagalasi limodzi, ndipo iye ankadziwa bwino kuti ya mtundu umenewu anapanga iwiri yokha.

Mayiyo anayang'ana, ndipo ukali wake unasanduka chinthu china choipirapo. "Ndiye kuti sanavutike n'komwe kusankha," anatero motsitsa mawu. "Chimene ndivale ine, avalenso iyeyo. Ine ndimadzitonthoza kuti mwina wobiriwirawu anasankha akuganiza za ine ndekha."

Apa mmisiri anamva chisoni, n'kudzimveranso manyazi. Sayansi yake yonse ija inangowonjezera mchere pachilonda. Anakwiyira bambo wamtali uja, ndi manyazi ake onamizira aja, ndi kufunsa kwake kuti kodi tcheni sichingamukande mkazi wake pakhosi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo anthu akamva kuti m'shopu muno ndi mmene amuna amagulira akazi awiriawiri mphatso, azimayi ati adzalowenso?

Komabe panali pamene sipankamveka. Iye anagulitsa umodzi wokha. Winawo unali ukadali pashelefu Lachitatu pamene ankapita kukatenga magalasi, shopu n'kusiyira mkazi wake.

"Amayi," anaitana mkazi wake, akuyang'ana kukatani ya kuseri. "Tabwerani kuno pang'ono."

Mkazi wa mmisiri anatuluka akupukuta manja pa epuloni, waya wa ndolo ali pakamwa. Sanamve chilichonse cha mlanduwo, chifukwa kuseriko makina opalira galasi anali akulira. Anapereka moni kwa mlendoyo.

"Mnzake wa mkanda uwu munagulitsa kwa ndani?" anafunsa mmisiri, akupemphera chamumtima kuti atchule munthu wina aliyense, kaya m'busa, kaya msilikali.

"Si bambo wamtali uja? Wamanyazi uja?"

Mayi wa chikwama anatseka maso. Mmisiri anayamba kutsokomola mwadala, kuponda phazi, kutsinzinira, koma mkazi wake akayamba nkhani saimitsidwa ndi chifuwa cha munthu.

"Anabwera Lachitatu, thukuta lili kamukamu, misozi ili pafupi. Akuti mphatso ya akazi awo yasowa m'thumba la jekete, asecha nyumba yonse mpaka kokwerera basi. Anandichonderera kuti ndiwapatse wofanana ndendende, akunyumba asadziwe kuti anakwatiwa ndi wotaya zinthu." Anachotsa waya pakamwa, naona mikanda iwiri ija pakauntala, nkhope n'kuwala. "Kani wapezeka? Nanga wakubayo mwamugwira, mayi?"