Ndani Anadya Fesikhi?

"Yasamulani," anatero a Nagat.

A Ezzat anayasamula ali pabedi la m'chipatala, akazi awo n'kununkhiza m'kamwamo. Nesi anali atangotuluka, atasiya mawu owawa: opaleshoni ya mawa yaimitsidwa, kwapezeka tizilombo, zambiri afotokoza adokotala.

Chiwindi cha a Ezzat chinali chitauma kalekale, mimba itatupa ndi madzi. Mwamwayi mlongo wa a Nagat, Mamduh, anavomera kudulitsa chake kuti agawireko alamu ake. Madokotala a ku Mansoura anachenjeza kuti wodwala chiwindi chotere thupi lake lilibe chitetezo. Tizilombo tikangolowa m'madzi a m'mimbamo, opaleshoni palibe, mwinanso munthuyo palibe.

Kuyambira pamenepo a Nagat anasanduka msilikali. Ankawiritsa chilichonse, ndi nkhaka zomwe. Achibale obwera ndi milomo yawo kudzapsompsona wodwala m'masaya ankabwerera pakhomo. Koma dzana linali tsiku la chikondwerero cha Sham el-Nessim, pamene nyumba iliyonse imanunkha fesikhi, nsomba yovunditsa mumchere ija. A Ezzat ankaikonda nsombayi kuposa ena mwa ana awo.

"Munadya, bambo a Tamer. Musandinamize."

"Wallahi, pali Mulungu, ndinangoiyang'ana!"

"Kuyang'ana? Chikwatiranireni, munayang'anapo chakudya n'kuchisiya? Mlongo wanga akupereka chiwindi chake, inu mukupereka moyo chifukwa cha nsomba yowola!"

Misozi ya a Nagat inatsika, pakuti mantha anawagwira zenizeni, koma pakamwa sanatseke. Anafukula milandu yonse ya amuna awo kuyambira pa tsiku la ukwati. Anali atafika pa chaka chimene Tamer anabadwa pamene dokotala analowa.

"Adokotala, auzeni! Auzeni kuti adzipha okha ndi kususuka!"

Dokotala anakanda m'mutu.

"Mayi, amuna anu alibe kachilombo ndi kamodzi komwe, m'magazi ngakhale m'madzi a m'mimba. Wadwala ndi wopereka chiwindi uja, thupi lili moto, kuchimbudzi sakuchokako. Akuti achemwali ake anamukakamiza kumaliza fesikhi yonse ya m'nyumba, mpaka kumulumbirira malemu mayi awo, kuti alamu asaipeze."

A Nagat anakhala pansi.

"Yonse?" anafunsa a Ezzat mwachisoni. "Osandisiyirako ngakhale kamutu?"