Mkanda wa Mwala Wofiira

"Mayi, mkanda uwu savala," anatero bambo wogulitsa zinthu zakale pamsika wa Woolwich. "Akuti mwala wofiirawu unagwa pachisoti cha mfumu ina imene inaphedwa ndi m'bale wake. Wouvala amataya munthu amene amamukonda koposa."

Etta anamwetulira. "Ndiwo ndikufuna. Mundikulungire bwinobwino."

Loweruka anakaupereka kwa Cynthia, mnzake wakale amene anamulanda mwamuna wake, Paterson.

"Zakale zinapita, asisi," anatero akumuveka m'khosi. Mumtima ankangofuna kuti Paterson afe, Cynthia alire monga analirira iye.

Patapita masiku, foni ya Etta ya Nokia inalira. Anali Paterson.

"Etta, thamangira kuno kuchipatala cha Lewisham. Junior wakomoka, ndipo madokotala sakupeza vuto."

Junior anali mwana mmodzi yekhayo wa Etta, ndipo sabata imeneyo anali kwa bambo ake, Paterson. Etta atafika, anapeza Cynthia atagwada pambali pa bedi, mkanda uli m'khosi.

"Etta, ukudziwa kuti ine sindinabereke," analira Cynthia. "Mwana uyu ndimamukonda kuposa wina aliyense. Ngakhale Paterson safikapo."