Makadi a Lachinayi

"Shafulani makadiwa, amayi. Mukatero mudule ndi dzanja lamanzere, ndilo lili pafupi ndi mtima."

Bertha anadula ndi lamanja. Mtimawo unali usanamuthandizepo kanthu pa zaka 23 za ukwati, ndiye uyambe lero?

Munali mu Febuluwale wa 2006, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo yochapira zovala ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja. Hita inkaotcha ngati uvuni, koma Bertha sanavule jasi lake. Mabatani anamanga mpaka pakhosi, chikwama anachipanira pamiyendo. Kutsogolo kwake kunakhala Madamu Christabel, owerenga makadi a taroti, mphete zala zonse, duku lonyezimira kumutu. Pachitseko analemba kuti ndi mdzukulu wa ansembe a ku Iguputo. Iguputo wakeyo ankamveka bwino akangotsegula pakamwa: Chipata yeniyeni.

Bertha anakwera mabasi awiri ndi sitima kuchokera ku Etobicoke chifukwa cha chinthu chimodzi basi. Ankafuna kudziwa mkazi amene ankamubisira mwamuna wake, Howard, Lachinayi lililonse masana. Mwiniwake ankati ndi ovataimu. Ovataimu yobwerako munthu akuimba mluzu! Adiresi ya Madamu anaiona pakapepala. Dzina la mwamuna sanawauze, iwonso sanafunse. Odziwa zonse afunsiranji?

"Makadi awa ndi akalekale, amayi," anatero Madamu akusisita mulu wa makadi okhala ndi nyenyezi zabuluu kumsana. "Anayambitsa ndi Afarao. Alipo 78. Akuluakulu 22, otsalawo ndi a zikho, malupanga, ndodo ndi makobiri. Likangosowa limodzi, choonadi chimatsimphina."

"Afarao ake ati? Mwana wanga Joan anakafufuza ku laibulale ya kuyunivesite. Akuti anali masewera a mabwana a ku Italy osowa chochita, ngati njuga. Za Iguputozo anachita kupeka Afalansa patapita zaka mazana atatu. Koma pitirizani, Madamu. Odziwa ndinu."

Madamu anaseka ndi mano okha, maso ali pa wotchi yapakhoma. Pashelefu panali makapu awiri otsukatsuka ndi mbale ya mabisiketi a jinja.

"Tifulumireko pang'ono. Fili koloko ndili ndi kasitomala wapadera. Wajomba masabata awiri, lero sangalephere."

"Akuuzani ndi makadi?"

"Makadi sanama, amayi."

Anayala atatu chafufumimba. Loyamba akuti ndi zakale, lapakati zalero, lomaliza zam'tsogolo. Likatuluka mutu uli pansi, tanthauzo nalonso limatembenuka. Ntchito yabwino bwanji, yoti ukalakwa umangozunguliza pepala.

Anavundukula loyamba. Mtima wofiira wolasidwa ndi malupanga atatu.

"Munavulazidwa, amayi."

Nzeru zakuya! Mzimayi wa zaka makumi asanu, maso otupa, waponda chipale chofewa mpaka m'maondo kudzaombeza, ndani akanaganiza kuti anavulazidwa?

Lachiwiri linali chigoba cha munthu chitakwera kavalo woyera. Madamu anakweza dzanja, mphete zili ngwee.

"Musaope! Osadziwa amakuwa akaona limeneli. Khadi la Imfa silinena za maliro ayi. Limanena za kusintha basi. Abambo akunyumba akusintha."

"Asinthadi," anavomera Bertha. "Masiku ano sakuyankhanso zamwano."

"Mwaona? Ine sindiphonya."

Lachitatu linali mfumu itaima m'galeta.

"Ulendo! Ndikuona ulendo wabwino. Bambowa akubwerera kwawo, kusiya zonse za m'njira."

"Nanga mkaziyo?"

"Mkazi uti? Kulibe mkazi. Akanakhalapo, likanatuluka khadi la Okondana. Mwaliona pano? Ndi nsanje chabe, amayi. Mwamuna amafuna kumunyengerera. Muzimumwetulira, muzimupatsa katiyi ndi timabisiketi. Osamamupanikiza ndi mafunso ngati wapolisi wa pabwalo la ndege."

Bertha anawayang'ana kuyambira duku mpaka zikhadabo. Zaka zonsezi akudzuka kusanache kukasambitsa nkhalamba za eni ake, kubwerako msana utathyoka, kusita malaya a bambo kuti akaoneke bwino ku ovataimu. Lero akuphunzitsidwa kusunga banja ndi munthu amene ntchito yake yolemetsa ndi kutembenuza mapepala.

"Zikomo, aphunzitsi. Tandionetsaniko khadi la Okondanalo. Ndingoona nkhope zawo."

Dzanja la Madamu linagwera pamulu uja, n'kuuphimba.

"Makadi sasanthulidwa chisawawa, amayi. Mizimu imakwiya."

"Ikwiye. Tikhala awiri."

"Nthawi yanu yatha. Mlendo wanga ali m'njira."

Wotchi inagunda katatu. Madamu anatchera khutu kumasitepe. Kunali zii, kupatula makina ochapira amene ankanguluma pansipo.

Bertha anatsegula chikwama, n'kuika khadi limodzi pakati pa tebulo. Mwamuna ndi mkazi ali mbulanda, mngelo atatambasula mapiko pamwamba pawo. Analitembenuza. Nyenyezi zabuluu zomwe zija, ndipo pakati pake chidindo cha milomo yofiira.

"Tsopano akwana 78. Choonadi chisiye kutsimphina. Linali m'thumba la jekete la amuna anga, a Howard, pamodzi ndi kapepala kanu."

Bertha anaimirira, n'kumasula mabatani a jasi limodzilimodzi. M'kati munali zakuda zokhazokha.

"Kapu inayo bwezani m'kabati. Kasitomala wanu wa fili koloko tinamukweza ndege Loweruka, ali m'bokosi, wa kwawo ku Ntcheu. Imfa ndi galeta, makadi anu ananena zoona, Madamu. Kuwerenga kokhako ndiye simutha."