Dazi la Nkhanga

Padangokhala, abale anga, Nkhanga ndi Nkhwali, oyandikana nyumba, onse osauka.

Nkhwali anakalembetsa mwana wake kusukulu yaboma, pansi pa mtengo wamango. Nkhanga anaseka chikhakhali. "Aneba, wanga akakhale pafumbi? Wanga ngwa kupulayiveti, kwa geti ndi tayi!"

Fizi yakumeneko inali nthenga. Teremu iliyonse Nkhanga ankadzizula kumutu, koma pachitsime sankatha kutama mphunzitsi wobiriwira wa mwana wake, uku akunyoza wotuwa wa kuboma.

Tsiku lina Nkhanga anapikisanitsa anawo kuti aonetse zomwe anaphunzira. Ha! Onse awiri ankayenda mofanana: mwendo m'mwamba, kuganiza kaye, diso kuno diso uko.

M'mawa mwake Nkhanga anakabisala pageti la kupulayiveti. Masana anaona mphunzitsi wotuwa uja akuchokera kumtengo wamango. Atangolowa pageti, thupi lonse linabiriwira. Anali Bilimankhwe!

"Aphunzitsi! Nanga nthenga zanga ndimalipirira chiyani?"

"Mtunduwu, mayi," anayankha Bilimankhwe. "Kubiriwira si kwaulere."

Nthano ikanathera pageti pomwepo, koma teremu yotsatira Nkhanga anakalipiranso. Mpaka lero ngwadazi, ndipo mukamufunsa amati ndiko kumeta kwa makolo a kupulayiveti.